Air fryer kapena uvuni waung'ono wamagetsi?

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa funso limene likuzunguza mabanja ambiri, loti agule air fryer kapena uvuni waung'ono wamagetsi umene umawotcha, kuphika sikono komanso kukazinga ndi mpweya wotentha.

Air fryer ndi kauvuni kokhala ndi fani yozunguliza mpweya wotentha mwamphamvu m'kadengu kopanikizika, n'chifukwa chake tchipisi chimapsa msanga ndi sipuni imodzi yokha ya mafuta. Vuto lake ndi kuchepa kwa malo. Kwathu tilipo asanu ndi mmodzi, choncho nkhuku timaikazinga maulendo awiri, ndipo pamene nthuli zomaliza zikupsa, zoyamba zimakhala zitazizira, nsima nayo itauma pamwamba. Pathireyi ya uvuni, chambo ziwiri zimagona bwinobwino osazidula, ngakhale kuti uvuniwo umachedwa kutentha ndiponso kupukuta mafuta othothokera m'makona mwake ndi chintchito.

Pa magetsi, zambiri mwa zipangizozi zimakoka mawatsi pafupifupi 1,500, kutanthauza kuti yuniti imodzi imatha m'mphindi 40 zotenthetsa mosalekeza. Ine ndikanati ndizikhala ndekha ndikanasunga air fryer, koma poona kukula kwa banja langa, ndikusonkha ndalama za uvuni.

Wowerenga wanu,
Zomba