Zingwe za USB-C zizilembedwa zimene zingathe kuchita

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya USB, njira yolumikizira kiyibodi, mausi, pulinta, fulashi ndi zipangizo zina ku kompyuta, chifukwa chisokonezo chimene njirayi inabwera kudzathetsa chayambanso kutivutitsa.

Amene anagwirako makompyuta akale akukumbukira kuti kumbuyo kwake kunali mabowo amitundumitundu, pulinta lakelake, mausinso lakelake. Mu 1996 makampani asanu ndi awiri, kuphatikizapo Intel, Microsoft ndi IBM, anatulutsa USB yoyamba kuti zonsezi zizilowa pa bowo la mtundu umodzi. Mu 2014 kunabwera USB-C, kamutu kakang'ono kamene kamalowa ngakhale mutakatembenuza, ndipo bungwe la European Union linalamula kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa m'maiko ake azitchajidwa kudzera pa kamutu kameneka. Zimenezi ndikuziyamikira kwambiri.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mitu yafanana koma zingwe zake n'zosiyana kutalitali, ndipo kusiyanako sikuoneka ndi maso. Mutagwira zingwe ziwiri zoyera, zotalika mofanana, china chikhoza kukhala chosamutsa mafayilo pa liwiro la USB 2.0 ya mu 2000, lomwe ndi mamegabit 480 pa sekondi, pamene chinzakecho, cha USB4, chimafika magigabit 40, kuposa choyambacho maulendo opitirira 80. Choyambacho chilibenso mawaya otumizira zithunzi, kotero munthu akalumikiza nacho laputopu ku monita, sikirini imangokhala bii, iye n'kumakayikira monitayo.

Pa magetsi nkhani yake ndi yomweyo. Chingwe wamba chimalekezera pa mawati 60, ndipo kuti chipitirire pamenepo, mpaka mawati 240 pa zingwe zamphamvu kwambiri, m'mutu mwake mumayenera kukhala kachipu, kachipangizo kakang'ono kouza tchaja kuti chingwecho chingapirire mphamvu yochuluka motero. Kachipuko kakasowa, laputopu yaikulu imatchaja mwapang'onopang'ono, mwini wake n'kuganiza kuti batire kapena tchaja chafa, n'kukagula china pamene cholakwa ndi chingwe. Mayina a mitundu ya USB ngati USB 3.2 Gen 2x2 nawonso sathandiza wogula, chifukwa ngakhale amisiri ena amayamba afufuza kaye asanafotokoze tanthauzo lake.

Bungwe la USB Implementers Forum, loyang'anira miyezo ya USB, linakonza kale zizindikiro zosonyeza liwiro ndi mawati, komabe zingwe zambiri zikugulitsidwa zopanda chizindikiro chilichonse. N'chifukwa chake ndikupempha mabungwe oona za miyezo ya katundu kuti akhazikitse lamulo loti manambala awiriwa azidindidwa pamutu weniweni wa chingwe chilichonse, osati pabokosi pokha, popeza bokosi timataya tsiku lomwelo pamene chingwe chimakhala zaka chitasakanikirana ndi zinzake m'dirowa. Chingwe chimene manambala ake apezeka kuti ndi abodza chisaloledwe kugulitsidwa.

Ndine wowerenga wanu.