Makina oyezera magetsi si akufa, vuto ndi chingwe

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za makina oyezera magetsi, monga ma multimeter a patebulo ndi ma oscilloscope, amene akungodya fumbi m'mawekishopu ati chifukwa akukana kulankhulana ndi kompyuta. Ambiri ndi abwinobwino, cholakwika chimakhala chingwe cha RS-232, chimene chimalumikiza makinawo ndi kompyuta.

Kuseri kwa makinawa kumakhala pulagi ya DB9, ya mapini 9. Pa kompyuta, pini 2 imalandira, pini 3 imatumiza, pini 5 ndi ground. Multimeter ya HP 34401A nayonso mapini ake ali chomwecho, ndiye mukaika chingwe cholunjika, onse awiri amatumiza pa waya umodzi, palibe womva mnzake. Pamafunika null modem, chingwe chopingasitsa 2 ndi 3, komanso 4 ndi 6. Ndi maso simungazisiyanitse zingwe ziwirizi. Yatsani makinawo, tengani multimeter ya m'manja, waya wakuda muike pa pini 5. Pakati pa pini 2 ndi 3, imene ikuonetsa volteji ya negative, mwina -5 mpaka -12, ndiyo yotumiza, ndipo iyenera kukumana ndi yolandira ya mbali inayo.

Malaputopu ambiri a masiku ano alibe DB9, choncho timagula adaputala ya USB. Zotchipa zambiri zili ndi chip ya Prolific yachinyengo, Windows n'kumaikana, n'kumangolemba Code 10 mu Device Manager. Zokhala ndi chip ya FTDI sizivutitsa chotero. Timaadaputala tija ta Arduino ta 3.3 V kapena 5 V musatiyese n'komwe, chifukwa RS-232 imatha kufika 15 V, ya positive ndi ya negative yomwe, ndipo ingatiwotche ngati pakati palibe MAX232, chip yosintha volteji.

Adaputala iyeseni payokha kaye. Gwirizanitsani pini 2 ndi 3 ndi kawaya, tsegulani pulogalamu ya PuTTY kapena Tera Term pa kompyuta, lembani chilichonse. Zilembo zikabwerera pa sikirini, ili bwino.

Makinawo akayankha zilembo zosamveka, ndiye kuti liwiro kapena parity (bit yoonera zolakwika) sizikugwirizana. Ambiri amangoika liwiro la 9600 ndi 8N1 (ma bit 8, opanda parity, stop bit imodzi) mwachizolowezi, pamene 34401A imachoka ku fakitale ili pa ma bit 7, even parity ndi ma stop bit 2. Komanso muyenera kusankha RS-232 pa menyu yake m'malo mwa HP-IB, njira ina yolumikizira ku kompyuta. Kenako tumizani SYST:REM kuti makinawo azimvera kompyuta, kenaka *IDN? yowafunsa dzina, mzere uliwonse uthere ndi LF, chizindikiro choyambitsa mzere watsopano. Akakuuzani dzina lake ndi model, mwatha. Chingwecho chisapitirire mamita 15.

Mmisiri wa zamagetsi,
Blantyre