Ntchito ya magazi ija uitenge, koma tamvera kaye

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko, kuno tilipo kupatula bambo ako ndi bondo lawo lija. Voice note yako ndaimva mpaka kumapeto, nde ndati ndiyankhe polemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa. Wati akupatsa ntchito ku pulojekiti yofufuza za sickle cell ndi matenda ena otengera kumtundu, koma mtima sukukondwa poti akukuika ku field, uzikayenda m'midzi kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama mpaka cha ku Khombedza, pomwe iwe unaphunzira za labu ndipo umafuna uzikhala pa microscope ndi gauni yoyera. Ine ndikuti uitenge.

Kafukufuku wotereyu akamatuluka pa wailesi amatchula dzina limodzi, la pulofesa amene anapempha ndalama, koma kumbuyoku kumakhala chinamtindi cha anthu. Zili ngati chilimira panyanja apa, anthu amati ukonde wa auje wapha usipa, chonsecho amene wachezera pamadzi ndi nyali ndi siginala, okoka ndi alovi. Tangoganiza dontho limodzi la magazi a khanda. Mlangizi wa zaumoyo ndi amene akudziwa khomo lomwe kwabadwa mwana, amfumu avomere kuti galimoto iime pabwalo, namwino kapena iweyo mubaye kachidendene, wina amate nambala pa kapepala kapena kabotolo, dalaivala athamange nazo mu cooler box pa M5 dzuwa likuswa mtengo, kulabu wina alandire n'kusayina, zina aziyeze zina aziike mu firiza ija yozizira mpaka -80, ndipo pamakhala mnyamata wina amene samatchulidwa n'komwe amene amadzuka pakati pa usiku kukaliza jenereta magetsi akathima, kupanda iyeyo ntchito ya zaka imaonongeka. Kenako a data alowetse mu kompyuta, kenako ena amene mwanayo sanamuonepo, olo Nkhotakota sakudziwa kuti ili mbali iti, awerenge DNA yake pa sikirini. Nde zikalakwika koyambirira kuja palibe angazikonze kutsogolo. Nambala ya mwana uyu ikamatidwa pa magazi a mwana uyo makina odula aja ayeza bwinobwino n'kutulutsa bodza, banja lina liuzidwa kuti mwana ali ndi matenda pomwe alibe, lina libwerera kwawo likusekerera mwana ali wodwala. Usamati field ndi ya otsalira.

Taona ku Karonga. Kafukufuku wa ku Chilumba anayamba 1979 ndi nkhani ya khate, lero akutchedwa MEIRU ndipo akupitirirabe m'midzi yomweyo, ana a anthu amene anafunsidwa mafunso kalero nawonso akufunsidwa. Sikuti anthu a kumeneko amakonda kubayidwa ayi, koma amene amabwera pakhomo amawadziwa, amawaona kumaliro ndi kumsika.

Koma chenicheni chomwe ndakulembera ndi pakamwa pako. Zaka zomwe ndinagwira unamwino ndinaona kuti kubaya ndi kophweka, chovuta ndi kumuuza mayi zomwe zapezeka. Ndipo za kumtunduzi n'zosiyana ndi malungo. Malungo ukayeza wayeza munthu mmodzi, wamupatsa LA wapita. Apa ukayeza khanda wayeza bambo ake, mayi ake, agogo mbali zonse, ngakhale ana omwe sanabadwe. Mawu amodzi ukawaponya molakwika ankhoswe akhala pansi sabata yomweyo.

Mwana wa sickle cell amabadwa wooneka bwinobwino, mavuto amayamba akamakwanitsa miyezi 6 chakuti, timanja ndi timapazi kutupa, kulira usiku onse osagwirika, maso achikasu, magazi kutha pafupipafupi chifukwa maselo ake ofiira amafa pa masiku 10 mpaka 20 pomwe a ife amakhala masiku 120. Pofika kuchipatala amakhala atatemedwa kale mphini thupi lonse, mbuzi yapita kwa asing'anga, ndipo agogo ena pamudzi atchulidwa kale kuti ndi mfiti. Akuchimuna amati kwathu kulibe zimenezi, watengera kwa amake. Mayi uja amangoti zyoli mwana ali kumsana. Iweyo ndi amene uzikhala woyamba kunena pamaso pa onse kuti mwana sangakhale SS, kutanthauza wodwala sickle cell, pokhapokha mbewu ya matendawa yomwe amati S imodzi itachokera kwa bambo, ina kwa mayi. Uzinena bambo alipo, osati kumuuza mayi yekha kuti akafotokoze kunyumba, sakamumvera.

Za 25 percent zija, za kuthekera koti mwana abadwe wodwala makolo onse awiri akakhala onyamula S, zisiye m'kope mwako. Pempha mbale ziwiri, iyi ya bambo iyi ya mayi, mbale iliyonse uikemo njere imodzi ya chimanga ndi nyemba imodzi, chimanga ndi A, mbewu yabwinobwino, nyemba ndi S. Bamboyo atsinzine atole imodzi uku imodzi uku. Chimanga chokhachokha, mwana alibe kalikonse. Chimanga ndi nyemba, mwana ali ngati makolo akewo, wangonyamula koma sadwala. Nyemba ziwiri, ndiye wodwala uja. Akatola uziwauza abwezere m'mbale atolenso, apa mpamene pagona nkhani, chifukwa anthu akamva kuti mmodzi mwa anayi amaganiza kuti poti woyamba wadwala atatu otsatirawo apulumuka, pomwe mimba iliyonse imayambira pomwepo, nyemba ziwiri zitha kutuluka kawiri motsatizana, zithanso osatuluka olo kamodzi. Ukawasiya atole okha kangapo uona amalume omwe anabwera atakwiya aja ayamba kufunsa mafunso.

Akafunsa kuti nanga chinthu choipa chonchi chinabwera bwanji kumtundu kwathu, yankho lilipo ndipo limatonthoza. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti ana onyamula S imodzi amatetezekako ku malungo aakulu aja. Nde kumalo a udzudzu ngati kuno kunyanja, amene anali ndi S imodzi ankapulumuka ali ana n'kukula n'kubereka, n'chifukwa chake ilipobe. Si tsoka, si tembelero. Koma uzionjezera msanga kuti neti azigonamobe, anthu athuwa akamva kuti ali ndi chitetezo mawa neti ili padimba. Ndipo usamachoke pakhomo usananene chochita, penicillin wa tsiku ndi tsiku kwa ana aang'ono, folic acid, katemera yense, madzi akumwa ambiri, kumufunditsa nthawi ya mwera, thupi likangotentha kuthamangira kuchipatala osadikira kuche, komanso kuti kuli mankhwala a hydroxyurea amene amachepetsa ululu uja. Kumuuza munthu dzina la matenda n'kukwera galimoto ndi nkhanza.

Mbale zomwezo zimagwiranso pa nkhani ya chialubino, makolo onse awiri akuda bii koma onse onyamula. Ndi amayi angati anathamangitsidwa pabanja ati anayenda ndi mzungu. Kuno kwathu uli ndi poyambira pabwino, Overstone Kondowe amene anatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM anapambana chisankho chapadera ku Nkhotakota North East mu 2021 n'kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno, anamuvotera ndi anthu omwewa.

Tsopano za anamapopa usaziseke. Mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera imeneyi, mpaka a UN anachotsako antchito awo kwa kanthawi. Iwe ukubwera pa galimoto yoyera ndi cooler box kudzatenga magazi a ana omwe sakudwala, ukuganiza anthu aziti chiyani? Osalowa m'mudzi amfumu asakudziwa, osayenda wekha popanda mlangizi wa dera limenelo, osagwira ntchito dzuwa litalowa olo supervisor akukuthamangitsa ndi target yake. Kabotolo uziwaonetsa kasanalowe magazi, awone okha kuti ndi ka supuni imodzi ya tiyi, 5ml, pomwe munthu wamkulu ali ndi malita ngati 5. Wokana musiye akane, umuthokoze, umutsanzike bwino. Amene wakana mwaulemu chaka chino ndi amene amabwera yekha chaka chamawa mwana akatupa manja. Uvalenso chitenje, zothina zako za mu tauni zija uzisiye konko.

Pali china chomwe mwina ku training sakakuuzani bwino. Tsiku lina uzapeza mwana ali SS, mayi AS, bambo AA. Mtima uzagunda, uzafuna kuuza mnzako mu galimoto pobwerera. Tseka pakamwa. Zitha kukhala kuti masampulo anasokonekera, zitha kukhala mtundu wina wa vuto la magazi womwe kachipangizo ka ku field sikaona, zithanso kukhala zomwe ukuganizazo, koma sunatumidwe zimenezo. Upite nazo kwa dokotala wa kafukufukuyo basi. Kuno aliyense ndi m'bale wa aliyense, dalaivala wanuyo mwina anakwatira m'mudzi momwemo. Ine ndemwe usazandiuze za munthu, olo ndikufunse.

Fomu yachilolezo ija usamangoti dindani apa. Iwerenge yonse m'Chichewa chomveka, wosadziwa kulemba pakhale mboni yomwe wasankha yekha, ndipo ndalama ya thiransipoti uzinena poyera kuti ndi ya thiransipoti, sitikugula magazi. Iwenso usanasayine kontilakiti ufunse mafunso, si mwano. Kafukufukuyu anavomerezedwa ndi makomiti aja oteteza anthu pa kafukufuku, NHSRC kapena COMREC? Magazi akasungidwa kuti, kwa zaka zingati, atuluka kunja kwa dziko? Zotsatira zibwerera kwa eni ake? Mwana akapezeka SS amulembetsa ku kiliniki iti, mankhwala apereka ndani pulojekiti ikatha? Akamayankha mozungulira udziwe kuti mafunso omwewa akakupeza iweyo pansi pa mtengo wa mango ulibe poyang'ana. Kale magazi a anthu akuda ankangonyamulidwa kupita ku Ulaya ndi ku America, maina pa mapepala n'kukhala a eni malabu, n'chifukwa chake mu 2010 anayambitsa H3Africa kuti asayansi a mu Africa muno azitsogolera okha kafukufuku wa DNA ya anthu awo. Ndipo akuti kusiyanasiyana kwa DNA n'kochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse, chonsecho ambiri omwe anayezedwa mpaka pano ndi azungu, nde ntchito ilipo yambiri.

Za tsogolo lako ndinene mwachidule. Ntchito za mapulojekiti ndi za kontilakiti, chaka chimodzi kapena ziwiri, unaona wekha mu 2025 thandizo la ku America litadulidwa mmene anthu anabwerera kumudzi ndi zikwama. Alawansi ya ku field usaiyese salale, usakatengere ngongole ya sofa. Setifiketi iliyonse ya training uzisunga, ukapeza mpata uzikhala pafupi ndi a data uphunzire zomwe amachita pa kompyuta, ndipo maso akhale ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ku bungwe la kafukufuku la MLW ku Blantyre komwe amatenga achinyamata n'kuwaphunzitsa mpaka masters. Palinso ntchito ya uphungu wa za kumtundu, genetic counselling, ku South Africa amaphunzitsa ku Wits ndi ku Cape Town, ndipo munthu amene wakhalapo pamkeka ndi mabanja ngati amenewa amakafika kumeneko ali ndi chomwe anzake a mu labu alibe. Labu siithawa, uzailowa.

Chomaliza, ndipo usandiyankhe kuti amayi mwayambapo. Mnyamata amene unabwera naye pa Khirisimasi uja atsibweni ako akufunsa kuti akwawo abwera liti. Musanafike pa chinkhoswe mupite nonse awiri mukayezetse, iwe udziwe ngati uli AA kapena AS, iyenso chimodzimodzi. Mukapezeka nonse AS sindikuti musiyane, zimenezo mukambirana awiri, koma mulowe m'banja mukudziwa. Ukabwera kudzayamba ntchito ufikire kuno kunyumba, za lendi pa boma uzaziona pambuyo, ndipo ubweretse mafuta opaka a bondo la bambo ako aja, kuno akusowa.

Ndine mayi ako.