Kuthokoza amisiri omwe anatikonzera jenereta ya m'boti

Kwa a Manijala,
Nthambi yokonza mainjini a m'madzi

Bambo,

Ndati ndisangolipira bilu n'kukhala chete ayi. Amisiri awiri omwe munatitumizira kuno ku Monkey Bay mwezi wa Julaye anagwira ntchito yoti nanunso muimve.

Boti langa limakagula nsomba kwa asodzi a ku Makanjira ndi ku Msaka, ndipo firiji yomwe timasungiramo chambo ndi kampango imadalira jenereta ya dizilo. Vuto linali lakuti tikaliza padoko inkalira bwinobwino, koma tikangolowa pakati pa nyanja, firiji n'kuyamba kukoka, mababu ankachita chizimezime, injini n'kutsokomola kawiri katatu, kenaka zii. Kawiri konse tinafika ndi nsomba zitayamba kale fungo, n'kugulitsa motaya. Makaniko wina anati yapsa ndi AVR, chipangizo chowongolera mavoti a jenereta, tinaitanitsa yatsopano ku Blantyre, koma matenda anali omwewo. Kenaka anati tichotse alitaneta yonse, mbali ya jenereta yomwe imapanga magetsi, akaikulungenso mawaya. Apo m'pamene ndinakuimbirani foni.

Mkulu wa awiriwo atafika sanathamangire sipanala. Anakhala pachigubu n'kuyamba kumufunsa mphwanga, yemwe amayang'anira injini: imazima nyanja ili bata kapena kukakhala mwera? Utsi wake ndi wotani? Dizilo mumagula papampu kapena wa m'madiramu? Ine ndinayamba kunyinyirika chamumtima, ndimvekere tikulipira macheza apa. Ndinalakwa, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atatha mafunso analumikiza mita yake. Popanda chilichonse chokoka magetsi inkaonetsa mavoti 230 ndi 50 Hz, nambala yomwe imayendera liwiro la injini, kutanthauza kuti injini ikuzungulira maulendo 1500 pamphindi monga iyenera. Atayatsa firiji, nambala ya Hz ndi yomwe inayamba kutsika, mavoti n'kumatsatira pambuyo. Anatiitana tonse kuti tione ndi maso athu. Anati ma Hz akatsika ndiye kuti injini ikuchepa liwiro, choncho vuto lisakeni ku dizilo kapena ku mpweya. Koma ma Hz akaima nji pa 50, mavoti okha n'kumagwa, pamenepo m'pomwe mungakayikire AVR, madayodi kapena mawaya a m'kati. Anaonjezera kuti AVR imachita kutsitsa dala mavoti injini ikafooka, pofuna kuteteza alitaneta kuti isapse. Ndiye kuti yakale ija, yomwe tinaiponya m'katoni ngati chinyalala, inalibe mlandu uliwonse.

Anatsegula kampopi ka pansi pa fyuluta yolekanitsa madzi n'kukhetsera m'botolo loyera. Tinangoti kukamwa yasa. Dizilo anayandama pamwamba, pansi panakhala madzi okwana zala ziwiri ndi zinthu zakuda zonanda ngati phala la mawere. Zonsezo zinkagona pansi pa thanki boti likakhala padoko, koma mafunde a mwera akayamba kulikankha uku ndi uku zinkavunduka n'kukatseka fyuluta. Funso lija la mwera linali la zimenezi. Anatsuka thanki, anasintha mafyuluta onse awiri, n'kupopa ndi dzanja mpaka thovu litasiya kutuluka pakabawuti kochotsera mpweya.

Atailiza, patapita mphindi zochepa inayambanso kukwera ndi kutsika. Ine mtima unagwa. Mnyamata uja, wamng'ono wa amisiri awiriwo, ndi amene anatsatira paipi yochokera kuthanki ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka anapeza mng'alu waung'ono pafupi ndi kilipi. Dizilo sankadontha pamenepo, n'chifukwa chake tonse tinkapadutsa. Mbali imeneyo pampu imachita kuyamwa, ndiye mng'aluwo unkangolowetsa mpweya. Paipi yake mtengo wake sufika n'komwe pa chambo chimodzi chachikulu.

Zomwe tinawaitanira zinathera pomwepo, koma mkulu uja anasuzumira kunja kwa boti n'kunena kuti madzi oziziritsa injini, omwe amatuluka ndi utsi, akuchepa. Sefa ya madzi a m'nyanja inali itadzaza ndere ndi mchenga, ndipo impela, gudumu laling'ono la labala lomwe limapopa madziwo, inali itathothoka mapiko awiri. Sanangoika yatsopano n'kutseka. Anamasula choziziritsira injini n'kusaka zidutswa za labala zija mpaka zonse ziwiri zitapezeka, ati zikatsalira m'menemo zimatseka timapaipi, injini n'kumatenthabe impela ili yatsopano. Kulira kwa "tha! tha!" komwe sitata inkachita m'mawa kunali kwa dzimbiri pamitu ya batire basi, batireyo inaonetsa mavoti 12.6, kutanthauza kuti inali yodzaza. Anapala, anamanga, anapaka girisi.

Chinanso chomwe chandikhudza n'chakuti sanabise nzeru. Mphwanga tsopano amadziwa kuti utsi wakuda ndi katundu wochuluka, sefa ya mpweya yotsekeka kapena mainjekita (opopera dizilo m'silinda) otopa, wabuluu ndi oyilo yemwe akupsa, ndipo woyera wosatha injini itatentha kale ndi dizilo wosapsa bwino kapena madzi olowa m'silinda. M'mawa uliwonse amakhetsa kampopi kaja m'botolo asanalize, ndipo dizilo wa m'madiramu tinasiya kuthira osasefa. Mwera wonse wa Ogasiti tayenda osazimitsidwa ngakhale kamodzi.

Chonde muwafikitsire kuthokoza kwanga onse awiri, ndipo mnyamatayo mumusamale, ali ndi manja abwino. AVR yakale ija ndaisunga ngati sipeya monga anandilangizira. Ndikupemphanso kuti mutilembe pandandanda wanu wa mwezi wa Epulo, adzaione jeneretayi mwera usanayambe, ndipo pobwera adzatitengere impela ina ndi mafyuluta awiri osungira m'boti.

Ine wanu,
Mwini boti logula nsomba,
Monkey Bay, Mangochi