Mapulasitiki osesera m'ngalande abwera kumipopi yathu

Akonzi,

Ndalemba mtima ukuwawa ndi zomwe ndinaona kuno ku Mbare Lachisanu loyamba la mwezi uno, tsiku losesa lija boma la Zimbabwe linakhazikitsa mu 2018. Antchito a sitolo ina anatuluka atavala malaya ofanana, masache m'manja, nasesa mabotolo, majumbo ndi timapepala ta mafiriziti mpaka mulu kufika m'mawondo. Atatha kujambulana zithunzi, mulu wonsewo anaukankhira m'ngalande. Nditafunsa, mnyamata wina anangoti, "Agogo, mvula ikagwa zipita zokha."

Zipita kuti? Madzi a m'ngalande za kuno amatsikira mu mtsinje wa Mukuvisi, Mukuvisi amathira mu mtsinje wa Manyame, ndipo Manyame ndiye amadzaza nyanja ya Chivero, komwe Harare amatunga madzi akumwa. Mnyamata ameneyu waponya zinyalala mumtsuko wa amayi ake omwe. Ndipo abwana ake anali chilili pakhomo la sitolo, manja m'thumba, osanena kanthu!

Pulasitiki sawola ngati makoko a nthochi. Dzuwa ndi madzi zimangomunyenyanyenya mpaka asanduke tizidutswa totchedwa nanoplastics. Mutagawa milimita imodzi ka 1,000, tizidutswati n'tochepa kuposa gawo limodzi. Kansalu kosefera madzi sikangatigwire. Mu Januwale 2024 akatswiri a ku mayunivesite a Columbia ndi Rutgers ku America anapeza tizidutswa pafupifupi 240,000 mu lita imodzi ya madzi a m'botolo, tambiri mwa ito tili ta mtundu womwewu. Ife amene timathawa madzi obiriwira a pampopi n'kumagula a m'botolo tilowere kuti? Chaka chomwecho madokotala a ku Italy anapeza pulasitiki m'mafuta omatirira m'mitsempha ya m'khosi mwa odwala, ndipo odwala amenewo ndiwo ankagwidwa kwambiri ndi sitiroko ndi mtima. Ine ndili ndi adzukulu anayi m'nyumba muno, wamng'ono akadali kubere.

Lamulo lilipo. Kuyambira 2010 majumbo opyapyala osafika mamayikironi 30 kukhuthala kwake (mamayikironi 1,000 ndiwo milimita imodzi) ndi oletsedwa m'dziko muno, koma tomato wa dola akulowabe m'kajumbo koonekera dzanja. Kwathu ku Malawi nakonso analetsa mu 2015, eni mafakitale n'kuthamangira kukhoti. Mayiko anakumana ku Busan mu 2024, anakumananso ku Geneva mu 2025, osagwirizana kanthu pa pangano lochepetsa mapulasitiki. Ngati akuluakulu akulephera choncho, ife tiziwonjezeranso ndi masache athu?

Ndikupempha a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi a khonsolo: Lachisanu likudzali tumizani galimoto itenge zomwe anthu asesa tsiku lomwelo, ndipo sitolo yopezeka ikutaya m'ngalande ilipitsidwe pomwepo. Ogulitsa zakumwa azibweza kandalama pa botolo lililonse lobwezedwa, ana a kuno atola onse sabata isanathe.

Gogo wodandaula,
Mbare, Harare