Amene akuombera a Trump m'manja polimbana ndi atolankhani aganizenso

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo maganizo anga pa mkangano umene unabuka mu 2017 pakati pa Pulezidenti wa dziko la America, a Donald Trump, ndi atolankhani a m'dzikolo. Atsogoleri odana ndi mafunso sanayambe lero, choncho kupsa mtima kwa a Trump pakokha sikukanandilembetsa kalata. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi momwe anthu wamba, a ku America komweko ndi ena amene tikutsatira nkhaniyi tili kutali, akuulandirira mkanganowu ngati masewero a mpira, aliyense akukuwira timu yake, osalabadira kuti chimene chikuphwanyidwa pakati pa bwalopo ndi chawo chomwe.

Pa 21 Januwale 2017, tsiku limodzi lokha atalumbiritsidwa, a Trump anapita kulikulu la bungwe la akazitape la CIA, ndipo ataimirira patsogolo pa khoma lokumbukira antchito a bungwelo amene anafera pantchito, ananena kuti ali pankhondo ndi atolankhani komanso kuti atolankhani ali m'gulu la anthu abodza kwambiri padziko lapansi. Patangopita masiku ochepa, mlangizi wawo wamkulu, a Steve Bannon, anauza nyuzipepala ya New York Times kuti nyumba zofalitsa nkhani ndizo chipani chotsutsa boma ndipo ziyenera kutseka pakamwa. Pa 17 Febuluwale Pulezidentiyu analemba pa Twitter kuti New York Times, NBC, ABC, CBS ndi CNN ndi adani a anthu a ku America. Sabata yotsatira, pa 24 Febuluwale, mneneri wa White House (nyumba ya Pulezidenti) pa nthawiyo, a Sean Spicer, anatsekera kunja atolankhani a CNN, New York Times, Los Angeles Times, Politico ndi BuzzFeed pa msonkhano umene unachitikira mu ofesi yawo, pamene nyumba zina zimene zimayankhula zokomera boma zinalowetsedwa.

Otsatira a Trump ambiri akondwera nazo zimenezi, ndipo sindikufuna kuwanyoza ngati anthu opanda mutu, chifukwa madandaulo awo ali ndi poyambira. Kafukufuku wa bungwe la Gallup wa mu Seputembala 2016 anapeza kuti anthu 32 okha mwa 100 aliwonse ku America ndiwo amakhulupirira nyumba zofalitsa nkhani, ndipo pakati pa otsatira chipani cha Republican chiwerengerocho chinali 14 mwa 100 aliwonse. A Trump anapeza mkwiyowu ulipo kale, iwo anangoukoleza. Nyuzipepala zikuluzikulu pafupifupi zonse zinaikira kumbuyo mayi Hillary Clinton, amene ankapikisana ndi a Trump pa chisankho cha 2016, ndipo akatswiri ambiri a pa wailesi zakanema anauza anthu kwa miyezi kuti a Trump alibe mwayi wopambana. Munthu wa ku Ohio kapena ku Wisconsin amene anavotera a Trump, ndipo kwa chaka chonse wakhala akumva anthu ovala masuti a ku New York ndi Washington akumufotokoza ngati mbuli, n'zosadabwitsa kuti mtima wake umazizira akaona Pulezidenti akuwakalipira anthu amenewo. Atolankhani nawonso alakwitsapo zenizeni. BuzzFeed inafalitsa pa 10 Januwale 2017 chikalata chodzaza ndi zinenezo zonyansa zokhudza a Trump ndi dziko la Russia, pomwe iyo yomwe inavomereza kuti sinathe kutsimikizira zimene zinalembedwamo, ndipo atolankhani ena ambiri anaidzudzula chifukwa cha zimenezo.

Komabe ndikupempha amene akuombera m'manja kuti ayang'ane bwino zinthu ziwiri zimene zinachitika kumapeto kwa sabata yomwe a Trump analumbira. Madzulo a pa 20 Januwale, mtolankhani wa magazini ya Time, a Zeke Miller, analowa mu ofesi ya Pulezidenti pamodzi ndi anzawo, ndipo anauza anzawowo kuti chosema cha mutu wa Martin Luther King Jr., womenyera ufulu wa anthu akuda, chachotsedwamo. Sizinali zoona. Chosemacho chinalipo, kungoti chinabisika kuseri kwa chitseko ndi munthu wachitetezo amene anaima chapafupi. A Miller atazindikira, anakonza nkhaniyo usiku womwewo, anapepesa poyera, ndipo dzina lawo linakhala pa cholakwacho kuti aliyense alione. Mawa lake a Spicer anaimirira pamaso pa atolankhani n'kunena kuti khamu limene linaonerera kulumbiritsidwa kwa a Trump linali lalikulu kuposa lina lililonse m'mbiri, kenaka anatuluka osalola funso ngakhale limodzi. Zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba zinaonetsa mipata yoyera pa bwalo la National Mall pamalo pamene mu 2009 panali podzaza anthu, ndipo oyendetsa sitima zapansi za mu Washington anawerengera maulendo pafupifupi 570,000 tsikulo poyerekeza ndi 1.1 miliyoni pa tsiku limene a Barack Obama analumbira koyamba. Mlangizi wina wa Pulezidenti, mayi Kellyanne Conway, atafunsidwa pa NBC chifukwa chake mneneri wa boma ananena zabodza, anayankha kuti a Spicer anangopereka “zoona zina”. A Spicer anadzavomera pambuyo pake kuti ziwerengero za sitima zimene anapereka zinali zolakwika, koma pa mfundo yaikuluyo anakakamirabe. Mbali zonse ziwiri zinalakwa m'masiku awiri amenewo, koma mtolankhani anabweza mawu ake m'maola ochepa chifukwa ntchito yake imamukakamiza kutero, pamene boma, lomwe lili ndi asilikali, akazitape ndi misonkho ya anthu m'manja mwake, linaona kuti palibe amene angalikakamize.

Nkhani ya a Michael Flynn ndiyo ikundichititsa kunena molimba mtima kuti otsatira a Trump akusekerera chinthu chodzawapweteka okha. A Flynn anali mlangizi wa Pulezidenti pa zachitetezo cha dziko, ndipo anauza wachiwiri kwa Pulezidenti pa nthawiyo, a Mike Pence, kuti pamene ankalankhula ndi kazembe wa Russia, a Sergey Kislyak, mu Disembala 2016, sanakambirane za zilango zimene boma la a Obama linaikira dziko la Russia. A Pence anakhulupirira, ndipo anakabwereza mawu amenewo pa wailesi yakanema pamaso pa dziko lonse. Pa 26 Januwale mayi Sally Yates, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa zamalamulo m'boma, anachenjeza White House kuti zimene a Flynn ananenazo sizinali zoona, koma a Flynn anakhalabe pampando. Pa 9 Febuluwale nyuzipepala ya Washington Post inaulula nkhaniyo, ndipo mneneri wa a Pence ananena kuti bwana wake anadziwa tsiku limenelo, kudzera m'nkhani za atolankhani, kuti anauzidwa zosakwanira. Pa 13 Febuluwale a Flynn anatula pansi udindo. Wachiwiri kwa Pulezidenti, munthu amene anavoteredwa pa pepala limodzi ndi a Trump, anadziwa zimene zinkachitika m'nyumba yake yomwe chifukwa cha anthu amene patangopita masiku ochepa anatchedwa adani a dziko. Ngati munthu wa udindo wotero anafunikira nyuzipepala kuti adziwe kuti wanamizidwa, nanga mlimi wa ku Iowa amene anavotera boma limeneli adzadziwira kuti tsiku limene iyeyo adzanamizidwe?

Sindikufuna kuti amene akuteteza atolankhani aganize kuti kalatayi ikuwasiya oyera. N'zoona kuti anthu ambiri athamangira kukalipira nyuzipepala, moti New York Times inalengeza kuti m'miyezi itatu yomaliza ya 2016 inapeza owerenga atsopano olipira pa intaneti okwana 276,000. Ndalama zimenezo zithandiza kulipira atolankhani ofufuza nkhani, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma munthu amene akugula nyuzipepala ngati khadi la chipani adzafuna kuti izimuuza zimene akufuna kumva, ndipo tsiku limene idzalembe zoipa za mtsogoleri amene iye amamukonda, adzaitaya ndi mkwiyo womwewo umene lero akuudzudzula mwa anzake. Ambiri mwa anthu amene akufuula lero anali chete mu 2013 pamene zinadziwika kuti unduna wa zachilungamo wa boma la a Obama unatenga mwachinsinsi zolembedwa za mafoni a atolankhani a Associated Press za miyezi iwiri, komanso kuti unafufuza makalata a pa intaneti a mtolankhani wa Fox News, a James Rosen. Zimenezo zinachitika mwakachetechete, popanda kutukwana, ndipo zinali zoopsa ndithu. Eni wailesi zakanema nawonso asadzione ngati ozunzidwa okhaokha, pakuti mkulu wa CBS pa nthawiyo, a Les Moonves, ananena yekha mu Febuluwale 2016 kuti kampeni imeneyo mwina si yabwino kwa America koma ndi yabwino kwambiri kwa CBS. Anaulutsa misonkhano ya a Trump kuyambira poyamba mpaka pomaliza chifukwa inkabweretsa oonera ndi otsatsa malonda.

Anthu amene ndikuwapatsa ulemu pa nkhaniyi ndi aja ayankhula motsutsana ndi mbali yawo yomwe. Senator John McCain, wa chipani chimodzi ndi a Trump, ananena pa NBC kuti iye mwini sawakonda atolankhani, koma kupondereza ufulu wawo ndi momwe olamulira ankhanza amayambira. Pulezidenti wakale George W. Bush, amene atolankhani sanamumvere chisoni pa nkhondo ya ku Iraq, ananena kumapeto kwa Febuluwale 2017 kuti demokalase siingayende popanda iwo. Pa tsiku limene a Spicer anatsekera ena kunja, atolankhani a Associated Press ndi Time, omwe analoledwa kulowa, anakana kulowa. A Bret Baier a Fox News anakumbutsa anzawo kuti mu 2009 boma la a Obama linayesa kupatula Fox pa kucheza ndi mkulu wina wa boma, ndipo nyumba zina, kuphatikizapo CNN, zinakana kupitiriza popanda Fox. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo a Baier anamvetsa zimenezo pa nthawi imene zikanawakomera kukhala chete.

Mu 2017 ena ankanena kuti palibe choopa chifukwa malamulo oyendetsera dziko la America amateteza ufulu wa atolankhani ndipo panalibe mtolankhani amene anali atamangidwa. Mbiri ya dzikolo ikuonetsa kuti pepala lokha silikwanira. Ndime yoteteza ufulu wolankhula ndi wofalitsa nkhani inavomerezedwa mu 1791, koma mu 1798, patangopita zaka 7, boma la Pulezidenti John Adams linakhazikitsa lamulo lolanga onse olemba zonyoza boma, ndipo akonzi a nyuzipepala anaimbidwa milandu ndi kutsekeredwa. Phungu wa ku Vermont, a Matthew Lyon, anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 4 chifukwa cha zimene analemba za a Adams. Makhoti a nthawiyo sanamupulumutse. Anthu a m'dera lake ndiwo anamuvoteranso ali m'ndende momwemo, ndipo ovota a dziko lonse anachotsa a Adams pampando mu 1800, lamulolo n'kutha mphamvu mu 1801. Ndicho chifukwa chake ndikuona kuti maganizo a anthu wamba pa mkanganowu ndi ofunika kuposa mawu a Pulezidenti. Mtsogoleri safunika kutseka nyuzipepala ngati wakwanitsa kuchititsa theka la dziko kuti lisamakhulupirire chilichonse chimene yalemba, ngakhale italemba ndi umboni m'manja.

Kunja kwa America nakonso alipo akumvetsera. Mu Febuluwale 2017 Pulezidenti wa Syria pa nthawiyo, a Bashar al-Assad, atafunsidwa za lipoti la Amnesty International lonena za anthu masauzande amene ananyongedwa m'ndende ya Saydnaya, anayankha kuti tikukhala m'nyengo ya nkhani zabodza. Ku Cambodia mneneri wa boma, a Phay Siphan, anatchula zimene White House inachita pa 24 Febuluwale pochenjeza wailesi za Radio Free Asia ndi Voice of America kuti zikhoza kutsekedwa. Mtolankhani wa ku Washington akatchedwa mdani amakhala ndi maloya ndi makhoti omuteteza, koma mnzake wa ku Phnom Penh alibe zimenezo.

Pempho langa kwa owerenga anzanga, kaya amawakonda a Trump kaya ayi, ndi lakuti akaona kanema wa Pulezidenti akukalipira mtolankhani, asanautumize kwa anzawo pa Facebook ndi mawu oyamikira kapena onyoza, afufuze kaye kuti funso linali lotani ndipo linayankhidwa kapena ayi. Chitsanzo chili pafupi. Kwa zaka pafupifupi 40 chisanafike chisankho cha 2016, opikisana pa mpando wa Pulezidenti a zipani ziwiri zikuluzikulu ankaonetsa zikalata zawo za msonkho kuti ovota adziwe kumene chuma chawo chimachokera ndiponso amene ali nawo ngongole. A Trump sanaonetse zawo, ponena kuti zikuunikidwa ndi bungwe lotolera misonkho la IRS, ngakhale bungwelo linanena kuti palibe lamulo loletsa munthu kuonetsa zikalata zake pa nthawi yotero. Pa 22 Januwale 2017 mayi Conway anauza ABC kuti nkhaniyo inatha pa chisankho ndipo anthu sanaisamale. Munthu amene ali ndi mahotela ndi malonda m'maiko ambiri tsopano ndiye akusankha maiko amene America igwirizane nawo kapena kuwalanga, ndipo amene anamuvotera ali ndi ufulu wodziwa zimenezi mofanana ndi amene sanamuvotere. Mu 2017 amene ankafunsabe funsoli m'chipinda cha atolankhani ku White House anali anthu omwe aja ankatchedwa adani.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa