LLC si chithumwa, abale anga a ku America

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndiyankhule ndi anzanga amene tili kuno ku America ndi ena amene akukonza zobwera. Ukangonena kuti ukufuna kuyamba kabizinesi koyeretsa m'maofesi kapena kotumiza magalimoto kumudzi, aliyense amangoti "tsegula LLC amwene, palibe angakukhudze", ngati ndi chithumwa chomanga m'chiuno. Inenso ndinakhulupirira choncho.

LLC (Limited Liability Company) ndi mtundu wa kampani wolekanitsa ngongole za bizinesi ndi chuma cha mwini wake, ndipo kutsegula kwake sikovuta ayi. Ine yanga ndinalembetsa pa intaneti ku ofesi ya Secretary of State ya Indiana, chifukwa makampani kuno amalembetsedwa ndi steti osati boma la ku Washington, ndipo steti iliyonse ili ndi malamulo ake, moti LLC yomweyi inayambira ku Wyoming mu 1977 ena n'kumatsatira pambuyo. Kenako umatenga EIN ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, EIN imeneyo ndi nambala ya msonkho ya kampani ndipo ndi yaulere, koma ndaonapo anthu akulipira madola kwa anyamata ochenjera kuti awatengere, zachisoni. Ubwino wa LLC ndi woti pamaso pa lamulo kampani ndi munthu wina, iwe ndi munthu wina, ikakhala ndi ngongole amalanda za kampaniyo osati galimoto yako yoyendera. Ukapanda kulembetsa amakutcha sole proprietor, ngongole ya bizinesi ndi yako basi.

Nanga ine zinandivuta pati? Ndinatenga ngongole ya vani yonyamulira zipangizo, mapepala anali mulu, ndinasaina nditaimirira foni ikulira m'thumba, mayi wa kobwereka ngongoleko akungondilozera ndi cholembera kuti apa, apa, ndi apa. Pepala limodzi pamenepo linali personal guarantee, kutanthauza kuti kampani ikalephera ndidzabweza ine ndi thumba langa. Ntchito yaikulu imene tinkadalira itatha, kalata inabwera ili ndi dzina langa lenileni la pa pasipoti, la kampani lili m'munsi. Ndinathamangira kwa loya ndi satifiketi ya LLC m'manja ngati chishango, iye sanaiyang'ane n'komwe, anangondionetsa siginecha yanga.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi pamene anapempha masitetimenti a ku banki. Anayamba kulemba mizere ndi cholembera chofiira, iyi ndi chani, ndinati fizi ya mwana wa achemwali, iyi, ndinati maliro a amalume, nanga iyi, feteleza wa amayi, zonsezi zikuchoka mu akaunti ya kampani. Anandiuza kuti ukamasakaniza ndalama chonchi khoti likhoza kunena kuti kampani yako ndi dzina chabe, n'kugwetsa mpanda uja wolekanitsa iwe ndi kampani, amati piercing the corporate veil. Ndiye tangoganizani, Mmalawi wake uti amene foni ya kumudzi ikalira usiku amayamba waganiza kuti khadi iyi ndi ya kampani iyi ndi yanga? Umangotumiza. Njira yake ndi yoti uyambe wadzilipira wekha, ndalama ichoke ku akaunti ya kampani ipite ku yako, zilembedwe, kenako uzitumiza kwa amene ukufuna.

China ndi chizolowezi chathu chogulitsana zinthu pakamwa poti tikudziwana, timapemphera limodzi. Pafupifupi m'masteti onse muli lamulo lochokera mu Uniform Commercial Code loti kugulitsana katundu wa madola 500 kupita m'mwamba kukhale ndi cholembedwa chosainidwa, apo ayi mukakanganapo katundu asanaperekedwe, kukhoti ukavutika. Kuno ku Indiana kuli khoti la small claims la milandu yosapitirira madola 10,000, utha kupita wekha opanda loya, koma jaji adzafunsa pepala, sadzafunsa kuti mumaimba kwaya imodzi.

Vani ija anailanda n'kuigulitsa pa okushoni motchipa, yotsalayo ndikubwezabe mwezi ndi mwezi. Khadi ya kampani pano ndinaimata katepi kofiira ndipo imagona m'dirowa, amayi akaimba ndimawauza adikire Lachisanu ndikadzilipira, iwo amangoti koma mwana iwe kampaniyo si yako yomwe?

Ine wanu,
Wowerenga wa ku South Bend, Indiana